Koko wa Keke ya Esinati

Loweruka likudzali mwana wanga Esinati akukwatiwa, koma ine mtima uli m'mwamba chifukwa cha kachitini ka koko.

Pakamwa panga ndi pomwe panandiputira. Achibale a mkamwini atabwera kuchokera ku Chamama, ndinadzitama kuti paukwatipo padzakhala keke ya koko, yomwe Nabanda, mayi a kunyumba kwanga, anaphunzira kwa dona wa ku mishoni. Alendowo anaomba m'manja, ndipo nkhani yafika kale kwawo konse.

Lachiwiri tinati tiyeserere. Donayo anaphunzitsa kuti koko akhale maaunsi atatu. Nanga aunsi amaoneka bwanji, abale? Sikelo yomwe tili nayo m'mudzi muno ndi yokolowekapo mitolo ya fodya, ndipo titapachikapo kokoyo m'kansalu, muvi wake sunagwedezeke n'komwe.

Nabanda anangotapa ndi kapu, kutsendera ndi chala, kuwonjezeranso mpaka kachulu pamwamba. Keke inatuluka mumphika youma gwa, kuwawa kwake ngati kwinini. Esinati analuma kamodzi n'kuyang'ana pansi. Ndinamumvera chisoni mwana wanga.

M'mawa mwake ndinapalasa njinga kupita ku Santhe kukagula koko wina kwa Che Amidu, mwini sitolo amene ali ndi sikelo yaing'ono.

"Aphunzitsi, chitini chatsala chimodzi chokhachi," anatero. "Lole ya katundu siibweranso mwezi uno. Mukachiwononga musabwere kudzandilirira."

Tinayeza limodzi pamenepo. Kapu ya koko wothira mopepuka, wosalaza pamwamba ndi mpeni, inakwana maaunsi atatu aja. Kapu yomweyo yotsendera ndi ya kachulu inayandikira asanu. Ya shuga inalemera kuposa kawiri ya koko wosalaza uja. Kapu ndi imodzi, koma chilichonse chili ndi kulemera kwake.

Mwina mukuti nkhani yatha, wapeza muyezo. Ayi ndithu.

Ife a kuno sikelo sitiikonda. Timakumana nayo pamsika wa fodya, ili m'manja mwa wina, ife titangoima duu kudikira chomwe atiuze. Kwathu timayeza ndi mbale ndi maso, ndipo muyezo wabwino ndi wosefukira. Wogulitsa nyemba akasalaza mbale, kodi mumabwereranso kwa iye? Simufunsa basela? Dzanja lodzaza ndiwo ulemu wathu. Koma zinthu zatsopano zikubwerazi, koko, mkaka wa m'chitini, mankhwala a ana, sizidziwa ulemu umenewu. Ukazipatsa basela zimakutembenukira.

Nditafika kunyumba ndinawafotokozera Nabanda zonse, mpeni uli m'manja. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anapukusa mutu.

"Inu a Phiri, mwaiwala kuti Lachisanu azakhali ake a mkamwini akubwera kudzathandiza kuphika? Ndisalaze kapu ndi mpeni iwo akuona? Adzati mwana wawo akudzakhala chikamwini pakhomo pa anthu oumira, oti ngakhale paukwati amabweza chakudya m'chitini. Ine manyazi amenewo ayi. Ngati mukufuna, mudzalowe m'khitchini musalaze nokha."

Ine, bambo wa mkwatibwi, kugwada pakati pa amayi ndi kapu m'manja! Komatu Nabanda sakunama. Azakhaliwo ndi a maso akuthwa, ndipo zomwe adzaone Lachisanu ndi zomwe Esinati azidzamva moyo wake wonse.

Tsono ndiuzeni, inu owerenga: mwana wanga alowe m'banja ndi keke yowawa, kapena ndi dzina lakuti kwawo n'koumira?