Mawu Apansi a Lipenga la Atsibweni

Lipenga la atsibweni linali sakisofoni ya tena, yaikulu ija yopindika khosi ngati tsekwe. Anawasiyira ndi wansembe wina bandi ya parishi yathu ku Nambuma itatha. Ine ndinayamba kuligwira nditasiya sukulu mu Fomu Wanu, nditang'amba mlomo wa mnzanga polimbirana desiki. Amayi anangouza atsibweni kuti, "Achimwene, mtengeni ameneyu, mwina kwanuko akazizira."

Mawu apakati ndinawapeza msanga. Koma apansi penipeni, aja umatseka mabowo onse mpaka kachala komaliza, ankandikana. Ndikauzira, lipenga linkalira ngati mbuzi yomangidwa panjinga.

"Ukuluma bango," ankatero atsibweni. Bango ndi kamtengo kopyapyala ka pakamwa pa lipenga, kamene kamanjenjemera kuti mawu atuluke. "Lekerera chibwano. Mpweya uchokere m'mimba, wofunda, ngati ukuwuzira m'manja m'mawa wa Juni."

"Ndikuchita zomwezo!"

"Ukuchita ndewu, mphwanga. Lipengali lakulakwira chiyani?"

Akalitenga iwo, mawu ankatuluka onenepa, odekha, mpaka malata a pakhonde ankanjenjemera. Tikaweruka kuchigafa kosoka fodya, ankandiyambitsa pakati, kutsika liwu limodzilimodzi, lililonse kulikoka mpaka mpweya uthe. Miyezi itatu, ndikumagwera pamalo omwewo.

Tsiku lina iwo atapita kumsika wa Kasiya, ndinayesa ndekha. Mbuzi ija inalira kasanu. Kachisanu ndi chimodzi mutu unatentha, ndinamenyetsa kukamwa kwa lipenga pabenchi. Kamodzi kokha. Nditayang'ana, kachitsulo kotchinga chivindikiro cha bowo lalikulu lapansi kanali katapindika pang'ono. Ndinalipukuta bwinobwino n'kulibwezera m'bokosi.

Nthawi imeneyo n'kuti atsibweni atayamba kale kutsokomola, chifuwa cha fumbi la fodya la zaka zambiri. Lamulungu lotsatira, titachoka ku Misa, anatulutsa lipenga kuti ayesere nyimbo imene ankaimba pa Pasaka chaka chilichonse. Nyimboyo imathera pansi penipeni. Anatsika bwinobwino, koma pofika pomaliza panangomveka mpweya, fuu! Anabwereza. Anasintha bango, n'kubwerezanso. Kenako analigoneka pamiyendo, n'kuseka pang'ono.

"Basi, mphwanga. Mpweya wanga watha."

Ine ndinali chiimire pomwepo. Munthu ameneyu ankadziwa kufufuza pamene lipenga likutaya mpweya, ndinawaonapo akulowetsa kapepala kopyapyala pansi pa zivindikiro. Tsiku limenelo sanafufuze, poti yankho ankaganiza kuti ali nalo kale m'chifuwa. Ndinatsegula pakamwa. Sindinkaopa kumenyedwa, sanandimenyepo. Ndinkaopa kuti munthu yekhayo amene sanandithamangitse andiyang'ana mmene ankandiyang'anira ena onse.

"Mwina ndi bango," ndinatero.

"Si bango. Tenga, ndi lako tsopano."

Sanaligwirenso. Pasaka wa chaka chimenecho anakhala kumbuyo m'tchalitchi, manja pamawondo, zala zikuyenda zokha. Titakumba mtedza anawagoneka kuchipatala cha mishoni. Ndinapalasa njinga kukawaona kawiri, ulendo uliwonse nditalumbira kuti lero ndinena. Tinkangokamba za mtedza. Ulendo wachiwiri anandigwira dzanja.

"Apansi aja atuluka?"

"Atsala pang'ono, atsibweni."

"Usamalume."

Patatha sabata tinawaika.

Anthu atabalalika pamaliro, masana ena ndinatseka chitseko ndi zenera, ndinalowetsa tochi ya foni m'kamwa mwa lipenga n'kutseka mabowo onse. Pachivindikiro chija pankatuluka kuwala kochepa ngati chikhadabo chowengedwa. Ndinakulunga kansalu pa pulayala, n'kuwongola kachitsulo kaja. Ntchito yake sinatenge nthawi yowiritsa madzi a tiyi.

Ndinayambira pakati, kutsika limodzilimodzi. Chibwano chinalibe mphamvu yoluma. Pofika pomaliza mawu anatuluka, onenepa, ndipo malata anayankha.

Chitseko chinatseguka. Anali azakhali, akazi awo a atsibweni, ali ndi lichero m'manja. Anayang'ana ine, kenako pulayala ili pabenchi.

"Kodi linali lowonongeka?"

"Eee, azakhali. Ndinaliwononga ndine, Pasaka asanafike."

"Iwo ankadziwa?"

"Ayi."

Ndinkafuna anditukwane, andigende ndi lichero lomwelo, chinachake chimene ndikanadziwa kuchilandira.

"Akanaimbako Pasaka," anatero, n'kubwerera kokapeta mtedza.

Mawu apansi tsopano ndimawatulutsa tsiku lililonse, oyera, osalumpha. Kwaya inandipempha kuti ndiziimba nyimbo ija pa Pasaka, ndipo ndimaimba. Azakhali amakhala kumbuyo, mbali ya azimayi, ndipo ndikayamba kutsika amatuluka panja.