Chitenje chosachapa chamugoneka Tadala

Mwaswera bwanji abale. Imvani zandionekera lero.

Amake Tadala ayambiranso kuthyola tiyi lero atapuma miyezi itatu, ndiye mwana anatsala ndi ine poti ndili pa ofu. Atangotuluka, Tadala anayamba kulira. Ndinamumwetsa mkaka umene amake anafinyira m'kapu, koma osatonthola. Thewera linali louma, thupi silimatentha. Ndinamuika paphewa mpaka anageya, kulira kuli pompo. Ndinafika povala nsapato, osadziwa ngati ndithamangire kuchipatala ku Makwasa kapena ndikawaitane amake kumunda. Koma tsiku loyamba lomweli, akapitawo akanati chiyani?

Amake Joyisi, a nyumba yoyandikana nafe, anamva n'kubwera. Anamugwira pamphumi ndi pamimba, n'kuti, "Bambo a Tadala, mwanayu sakudwala, wasowa fungo la amake. Chitenje chimene anavala dzulo chili kuti? Chochapa ayi."

Ndinachipeza m'beseni la zovala zakuda. Anandibereketsa mwana nacho, akuti ndiziyenda pang'onopang'ono. Ndisanafike n'kumpopi komwe, Tadala anali atagona, mphuno ataikanikiza pansaluyo.

Vuto linali lakuti ndikati ndimutsitse, amadzuka. Ndiye ndazungulira malaini onse a nyumba za antchito ndili m'chitenje cha maluwa ofiira. Thirakitala yonyamula tiyi inadutsa, anzanga a kufakitale ali pamwamba, onse kukuwa, "Mwaswera bwanji amayi!"

Pano amake Tadala abwera, akufuna kuchichapa. Ine ndakana, Lachinayi nditsalanso naye. Azakhali, alamu, tiweruzeni: chichapidwe kapena ayi?