Chinchila M'chipinda cha Mtedza

Mwana wanga wamkazi anatsika minibasi yochokera ku Nyimba atakumbatira katoni yobooledwabooledwa. Munali mu Okutobala, mwezi umene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Ine ndinkayembekezera nthochi, chifukwa munthu akachokera ku Nyimba wopanda nthochi timamufunsa ngati wayambana ndi anthu kumeneko. Koma atatsegula katoni ija pakhonde, munali kanyama kotuwa, konenepa bwino, ka makutu akuluakulu, mchira ngati wa gologolo, ndi ndevu zoposa za mkulu wa mpingo.

"Ni chinchila, amama," anatero. "Kwao ni ku mapili yozizila, kutali ngako. Ku Nyimba kazafa na kupya."

Anapatsidwa ndi mayi wina amene ankakhala naye ku Lusaka pamene ankaphunzira unamwino. Atayamba ntchito ku Nyimba anapeza nyumba ya malata yopanda siling'i, ndipo kanyamako kanayamba kumangogona chammbali, kakupuma mwawefuwefu. Kwathu ku Petauke kumatenthanso, koma nyumba yathu ndi ya njerwa zochindikala, ndipo chipinda chimene iye ankagonamo ali mwana chili mumthunzi wa mango.

Tili pakati pokambirana, amuna anga anatulukira kuchokera kuseri kwa nyumba. Bambo amenewa anakulira ku Msanzala, ndipo pa nkhani yokumba mbewa sapatsa mnzawo mpata wolankhula. Anawerama, nayang'ana mukatoni muja nthawi yaitali. Kenaka anameza malovu, ndipo tonse tinamva.

"Aka ni kapuku wamene anapita ku sukulu," anatero. "Mafuta yake siyangafune na saladi yokazingila."

"Atata," anatero mwana uja, "m'chipinda chija simuzangenamo."

Malamulo ena anali anga. Kanyamako sikasamba madzi, kamasamba fumbi, ndipo fumbi lakelo anabwera nalo m'paketi n'kulithira m'beseni. Sikafuna dzuwa. Chakudya chake ndi udzu wouma ndi timibulu ta m'sitolo. Mtedza ayi, ngakhale umodzi. Pamenepo ndinaseka mpaka misozi, chifukwa mbewa yoletsedwa mtedza ku Petauke ndinali ndisanaimvepo. Iye sanaseke. Anati azibwera Loweruka lililonse kudzaona, ndipo kakapanda kuzolowera adzakabweza kwa mayi wa ku Lusaka uja.

Ndinene zoona, kanyamako sindinakakonde. Chimene ndinamva ine ndi mawu akuti Loweruka lililonse. Chiyambireni ntchito, mwana ameneyu ankabwera kunyumba mwa apo ndi apo, ngakhale ulendo wa ku Nyimba munthu umapita ndi kubwerera dzuwa lisanalowe. Ndikamuimbira foni ankati ali pa ntchito, adzandiimbira. Ndinkamusowa kwambiri, koma kwathu mayi sapempha mwana wake kuti adzamuone. Tsono ngati khoswe wa ndevu ndiye amene akanandibweretsera mwana wanga, khosweyo anayenera kukhala, zivute zitani.

Chipinda chija chinali chitasanduka nkhokwe. Tinatulutsa matumba a mtedza, njinga yopanda tcheni, makasu, ndi mipando imene amuna anga akhala akulonjeza kuti adzakonza kuyambira tili achinyamata. Mwana uja anaika khola la waya pakona, nakhomera timatabwa kukhoma toti kazidumphirapo. Anati chimenechi tsopano ndi chipinda chosewerera. Ine ndalera ana anga onse akusewera pamsewu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anapatsidwapo chipinda choti azisewereramo.

Atabwerera ku Nyimba, ndinayamba kulandira mlendo monga momwe mlendo amalandiridwira. Mlendo sasiyidwa yekha. M'mawa ndinkalowa kukapereka moni, n'kukhala pampando kumufotokozera mitengo ya tomato. Ndikamapita kumsika ndinkamusiyira wailesi itatsegulidwa kuti asasungulumwe. Beseni la fumbi lija ndinalichotsa, chifukwa sindikanalola kuti anthu amve kuti kwa ine mlendo amasamba dothi. M'malo mwake ndinkaika madzi ofunda ndi kachidutswa ka sopo. Sindinakakamize. Mlendo umamupatsa madzi, kusamba n'kwake.

Mbiri inawanda kuti kwathu kuli mbewa yokhala ndi chipinda chakechake. Amayi a kwaya anabwera onse pamodzi, nalowa, naimba nyimbo imodzi yaifupi. Anthu a ku Kalindawalo obwera kumsika ankatsamiritsa njinga pamango paja n'kupempha kuti aone nawo. Ndinkawalowetsa onse, poti kuchuluka kwa odzaona mlendo ndi ulemu wa pakhomo. Anabweranso mnansi wathu wa Chibemba, amene timanyozana naye pachimbuya chaka chonse popanda wokwiya.

"Kansi mwayamba kuweta ndiwo," anatero ataima pakhomo. "Mwalema kukumba?"

"Imwe mukayamba kumangila kolwe chipinda muzatiitana," ndinamuyankha, poti ife timawanena kuti kwawo ndiwo ndi kolwe, ndiye kuti pusi.

Koma mlendo wanga sanasangalale ndi zonsezi. Anadzipanikiza pakona pa khola, nkhope atalozetsa kukhoma. Udzu sanaukhudze. Madzi ofunda aja ankazizira okha, sopo ali chikhalire. Nthawi zina ankalira kamawu kokhala ngati ka kagalu, makamaka a kwaya akafika pokweza.

Loweruka mwana wanga anabwera, nakanyamula m'manja, ndipo nkhope yake inagwa. Anati kapepuka. Anafunsa za beseni la fumbi, ine ndinati ndikulitsuka. Anandiyang'ana monga momwe ndikuganiza kuti amayang'anira odwala amene amabisa mapiritsi pansi pa pilo.

"Chiwelu chikubwela nikapeza kakali chimozimozi, nizakapeleka ku Lusaka," anatero. "Sinifuna kafele kuno."

Mtima wanga unapweteka. Ndinayesa zonse zimene ndinkadziwa. Ndinasintha siteshoni ya wailesi. Ndinakaonetsa mtedza umodzi, osati kuti kadye, koma kuti kakumbukire kuti moyo uli ndi zabwino zake. Ndinakakalipira kuti mbewa yamanyazi inafera kuuna. Amuna anga, amene masiku onsewa ankangosuzumira pawindo manja ali kumbuyo, anayankha ali panja pomwepo kuti vuto lake ndi lomwelo, una wake kulibe. Ndinawauza kuti munthu woletsedwa kulowa ndi woletsedwanso kulankhula.

Tsiku lina masana ndikuchokera kumsika, ndinamva kugogoda m'chipinda chija. Chitseko chinali chotseka. Ndinaponya dengu pansi, tomato n'kumwazika, chifukwa ndinkadziwa bwino chimene amuna anga amachita akamagogoda pafupi ndi mbewa. Nditakankha chitseko ndinawapeza atagwada, hamala ili m'manja, ndipo pakati pa miyendo yawo panali mtsuko wanga wa madzi akumwa, uja umaziziritsa madzi kuposa firiji. Anali atauboola kumatako.

"Kali kuti?" ndinafunsa.

"Kali moyo. Kambani pang'onopang'ono."

"Mtsuko wanga walakwa chani?"

"Kuliye chamene walakwa. Wakwezewa pa nchito."

Anaugoneka chammbali pasimenti yozizira, nalumikiza chibowo chija ndi chidutswa cha paipi yakale chimene chinkatulukira kuseri kwa khola. Anandifotokozera, monyada ngati kuti ndiwo analenga mbewa, kuti palibe mbewa imene imagona mu una wa khomo limodzi. Imafuna mbuli, kakhomo kobisika kothawira zinthu zikavuta, ndipo wokumba wanzeru amayamba watseka mbuliyo. Iwo akhala akutseka mbuli moyo wawo wonse, ndipo aka kanali koyamba kutsegulira mbewa njira yothawira. Anazimitsa wailesi, napachika chitenje changa pawindo, nabwezera beseni la fumbi. Odzaona mlendo amene anabwera tsiku limenelo anawabweza pamango pomwepo, kuwauza kuti wodwala wagona.

"Lomba chinthu chikulu," anatero. "Mbewa siifuna kuyanganiwa. Mukaiyangana iganiza kuti mufuna kuilya."

"Imwe muziba bwino," ndinatero.

Dzuwa litapendeka tinatsegula khola, tinakhala pansi m'chipinda chija tonse awiri, misana titalozetsa kwa mlendo, maso kukhoma. Munthu akanasuzumira akanati tayambana. Tinakhala choncho osalankhula mpaka miyendo yanga inachita dzanzi. Kenaka ndinamva tswatswa, ndi kaphokoso ka mapazi mumtsuko, n'kutulukira kupaipi, n'kulowanso, n'kutulukanso. Ndinayang'ana chozemba. Kanyama kaja kanali m'beseni, kakugubuduka ndi kudzipotokola, fumbi lili koboo, ndi chimwemwe chimene sindinachionepo pa munthu aliyense wosamba madzi. Katamaliza kanakhala tsonga, n'kutenga udzu ndi timanja take, n'kuyamba kudya.

Pofika Loweruka kanali katatenga chipinda chonse. Kankathamanga n'kuponda khoma n'kubwerera, kudumpha timatabwa tija ngati kakulipidwa. Kanatafuna mphuthu ya chitseko, chingwe cha wailesi, ndi patapata wa amuna anga iwo ataivala. Munthu amene kanamukonda koposa anali iwowo, odya abale ake. Kankawakwera paphewa n'kumawanunkhiza khutu, iwo ali duu, kuopa ngakhale kutsokomola. Nditawafunsa ngati malovu aja akubwerabe, anati uyu ndi mlamu tsopano, ndipo mlamu sadyedwa.

Mwana wanga atabwera anakhala pansi m'chipinda chija n'kuseka mpaka kugwira m'mimba. Anathokoza bambo ake, nandisanjika ine dzanja paphewa. Ndinali wokondwa ngati ndapambana mlandu. Tikumuperekeza kokwerera minibasi, ananena mopepuka, maso ali pamsewu.

"Lomba mtima wanga wankhala pansi. Sinizavutika kubwela Chiwelu chilichonse. Nizabwela kumapeto kwa mwezi."

Ndinabwerera kunyumba ndekhandekha m'maganizo. Ndinali nditataya mtsuko ndi chitenje kuti kanyamako kazolowere, ndipo kuzolowera kwakeko ndi kumene kunanditengera mwana. Kumapeto kwa mwezi kunafika, iye sanabwere, anati mnzake wa kuntchito wapita kumaliro. Mvula inayamba, tinadzala, chimanga chinamera. Ine ndinkalowa m'chipinda chija n'kumayang'ana kanyamako kakunenepa, ndipo ndinkakwiya ndi thanzi lake.

Ndiye madzulo ena ndinamuimbira foni. Ndinati mlendo wake sakuoneka bwino. Akuyetsemula. Maso alowa. Kudya kwake n'kwa ulemu chabe.

"Yatsani vidiyo nione," anatero.

Zimenezi sindinaziganizire. Ndinati netiweki ikuvuta, iye anati akundimva bwinobwino. Ndinayatsa, n'kutsegula chitseko pang'ono, ndikupemphera kuti kakhale katagona. Kanali pamutu pa amuna anga, udzu uli kukamwa, ndipo katangoona kuwala kwa foni kanadumpha n'kuzungulira chipinda chonse, kulowa mumtsuko, kutulukira kupaipi, n'kukagwera m'beseni. Amuna anga, amene sankadziwa kanthu, anakweza dzanja n'kuuza mwana wawo kuti mlamu ali bwino ngako, dzulo anamaliza patapata wachiwiri.

Mwana uja anaseka kwambiri. Ine ndinatuluka panja, ndikufuna nthaka ing'ambike. Kusekako kutatha, mawu ake anali ena.

"Amama, ni ndani wamene adwala?"

Ndinayang'ana nkhuku zikulowa m'khola. Ndinaganiza zonena kuti ndi msana, kapena mutu, poti zimenezo n'zosavuta kunena kwa namwino.

"Ni newo," ndinatero. "Nakuyewa chabe, nifuna kukuona."

"Nanga simunakambe chifukwa chani? Newo nenze kuganiza kuti nikulemetsani na kubwelabwela."

Ndinakhala pansi pakhonde, foni ili m'manja. Ndinamva akukoka mphuno kumbali inayo, kenaka akuuza munthu wina kuti Loweruka asamuike pa ntchito, akupita kwa amayi ake.