Lameki wa Masaji Anandiuza Kuti Ndigwire Ntchafu ya Apongozi Anga

Amene wandilakwira ndi Lameki, uja wa kashopu kopaka penti wobiriwira kuseri kwa msika pa boma, amene analemba pachitseko kuti amatikita thupi ndi kugulitsa makapusozi a omega. Lachiwiri lapitali anandiuza ine, mkamwini, pamaso pa anthu, kuti ndikweze chitenje cha apongozi anga ndiwagwire pantchafu. Werenganinso bwinobwino. Apongozi anga. Amake a mkazi wanga.

Ndiyambe poyambira kuti musati ndikungotukwana munthu.

Apongozi anga, Anaphiri, anagwidwa ndi sitoloko chaka chatha nthawi yokumba mtedza. Anagwera m'munda momwemo. Mwendo ndi mkono wakumanzere zinalema. Kuchipatala anawapatsa mankhwala a BP, natiuza kuti mwendowo usamangokhala. Uzitikitidwa, uzipindidwa, uzitambasulidwa, apo ayi uuma ngati chikuni. Mkazi wanga Idesi ankayesako kunyumba koma ankaopa kuwapweteka. Ndiye tinamva kuti kwa Lameki kuli mayi wina, Amai Esinati, amene anaphunzira ntchito imeneyi.

Ndisaname, Amai Esinati ntchito amaidziwa. Ankatseka katani, kufunditsa mafuta m'manja, kuyambira kuphazi kumakwera pang'onopang'ono, uku akuimba nawo nyimbo za kutchalitchi chapansipansi. Idesi ankakhala pambali kumaonerera, ine panja ndi njinga. Tinkapita pakatha masabata awiri alionse. Titapita kasanu ndi kamodzi, apongozi anayamba kuyenda okha ndi ndodo kuchoka pakhomo kukafika pankhokwe. Usiku mwendo unasiya kuwakoka. Dzanja lija linayamba kuswa mtedza, pang'onopang'ono inde, koma linkaswa.

Makapusozi a omegawo tinagulako botolo limodzi, K180. Ndinapita nalo kukiliniki yakwathu kukafunsa. Anesi anati ndi mafuta a nsomba chabe, amathandizako mtima, ndipo mafuta omwewo ali mu kapenta ndi nsomba zina. Anati akhoza kumamwa, koma si mankhwala a sitoloko, ndipo a BP asayerekeze kuwasiya. Ine ndinamva, ndinasunga.

Loweruka, patatsala masiku atatu kuti tipitenso, Idesi anachira, anabereka mwana wamkazi. Anali akadali m'chikuta, mchombo usanagwe, sakanatuluka. Tsiku la apongozi linali Lachiwiri. Mlamu wanga wamkazi ali ku Chipata. Panalibe wina wowaperekeza koma ine.

Lolemba 4 koloko madzulo ndinamuimbira foni Lameki. Ndinamuuza kuti mawa ndibwera ndekha ndi apongozi, mwana wawo sabwera, ndiye andiuze zoona ngati Amai Esinati adzakhalapo. Anati adzakhalapo. Ndinafunsanso. Anati adzakhalapo, ndisadandaule. Ndinafunsa kachitatu, mayunitsi akutha, ndipo anati kodi ndine wogontha. Ndinati chabwino.

Tinanyamuka kwathu ku Zingalume 5 koloko m'mawa. Njinga sindinakwere. Munthu amene wakulira kuno akudziwa chifukwa chake. Ndikanakwera, apongozi akanagwira pati? M'chiuno mwanga? Ndinamanga pilo pakaliyala, amai oyandikana nafe anawakweza, iwo anagwira chishalo ndi dzanja labwinolo, ine kumakankha. Maola atatu ndi theka wapansi, mumchenga, m'zitunda, ine maso kutsogolo, iwo maso kumbali. Akafuna kupuma sankandiuza ine. Ankauza mphepo kuti anthu atopa, njinga iime. Ine ndinkayankha mtengo kuti njinga yamva. Zaka zitatu ndili pachikamwini, sindinadyepo nawo pamodzi, sindinawayang'anepo m'maso. Ulemu wathu ndi umenewo.

Tinafika 8:40. Chitseko chokhoma. Ndinapempha mayi wogulitsa tomato pafupi kuti awatsitse panjinga, anawakhazika pakhonde. 9 koloko, zii. 9:30, zii. Foni ya Lameki ikulira koma osayankha. Anatulukira 10:15, akutafuna chinangwa, jasi loyera lili m'pulasitiki. Pepani sananene. Anavala jasilo pakhomo pomwepo, n'kukhala dokotala basi.

Ndinafunsa za Amai Esinati. Anati ali m'njira.

Podikira anati atiphunzitse za omega. Ife sitinapemphe. Anatenga botolo n'kuyamba ulaliki. Akuti omega imachiza shuga, BP, maso, nyamakazi, kuiwalaiwala, ngakhale imvi zimabwerera. Kenako ananditsinzinira diso n'kunena kuti imaonjezeranso mphamvu za abambo kuchipinda, ndipo poti mkazi wanga wangobereka kumene ndiyambiretu kumwa ndikonzekere. Apongozi ali pomwepo. Pabenchi lomwelo, kumapeto. Anakoka duku kuphimba nkhope. Ine ndinayang'ana denga mpaka ndinawerenga misomali ya malata.

Sanalekere pomwepo. Anati chimene chikuchedwetsa kuchira ndi mapiritsi a kuchipatala, akuti ndi poizoni, awasiye agule mabotolo atatu a omega pa K500. Ndinamuuza chapansipansi zimene anesi anandiuza. Anandifunsa kuti sukulu ndinalekezera pati. Ndinati giredi seveni. Anatembenukira anthu awiri amene anali atabwera, bambo wina wa msana ndi mayi wina, n'kunena kuti taonani, wa giredi seveni akufuna kuphunzitsa dokotala.

Amene amandidziwa akudziwa kuti ine mtima uli pafupi. Kubwalo la mpira anandithamangitsako kawiri. Koma mkamwini sakweza mawu apongozi ali pomwepo. Ndinameza.

12:30 ndinafunsanso. Nkhani inasintha. Akuti Amai Esinati apita kumaliro. Maliro ati? Akuti a achibale. Nanga m'mawa muja anali m'njira yopita kuti?

Ndinatuluka kukawagulira apongozi nthochi. Mayi wa tomato uja ndiye anandiuza zoona. Anati Amai Esinati anasiya ntchito Lachinayi la sabata yathayo, msika wonse unamva mkangano wake. Lameki ankawakakamiza kuti wodwala aliyense azimuuza kuti asiye mankhwala a kuchipatala agule omega, iwo anakana, anatenga chikwama chawo n'kumapita. Ndiye kuti Lolemba lija, pamene ndinkamufunsa katatu, iye ankadziwa. Ankadziwa kuti ndikankha nkhalamba yodwala maola atatu ndi theka kudzapeza palibe.

Ndinamuitanira panja kuti apongozi asamve. Ndinamufunsa chifukwa chake anandinamiza. Anati akanandiuza zoona sindikanabwera, nanga iye adya chiyani. Anati palibe chovuta, awatikita yekha, thupi ndi thupi, dokotala alibe manyazi. Ndinakana. Koma apongozi anali atamva. Anayankhula akuyang'ana kuchitseko kuti poti anthu ayenda mtunda wautali, bamboyo angogwira phazi ndi katumba, asapitirire bondo. Anandimvera chisoni ine, kuti thukuta langa lisapite pachabe. Chimenecho ndiye chikundipweteka kwambiri.

Mayi wodikira uja anawathandiza kukwera pabedi. Katani Lameki sanatseke yonse, akuti azionanso makasitomala. Anatulutsa kamakina kena konjenjemera, magetsi kunalibe, anakaponya pansi pa bedi. Anayamba ndi manja. Mafuta osafunditsa, kufunsa ngati zikupweteka ayi, kumangokanya ngati akukanda ufa wa mandasi, uku akucheza ndi bambo wa msana za mitengo ya feteleza. Ine ndinali pakhomo nditafulatira, koma ndinkamva apongozi akubuula chamumtima. Ndinati achepetse mphamvu. Anati kupweteka ndiye kuchira.

Kenako anandiitana.

"Iwe giredi seveni, tabwera. Kweza chitenjechi, ugwire apa pantchafu mwendo usamathawe."

Ndinati, ndili chifulatirire, amenewo ndi apongozi anga.

Anaseka. "Ndiye bwanji? Apongozi alibe ntchafu? Zachikale zimenezo, n'chifukwa chake simuchira kumidziko."

Bambo wa msana anasekako pang'ono, kenako anaona kuti palibe wina akuseka, anasiya. Mayi uja anangoti kalanga ine, n'kugwira pakamwa.

Apongozi anadzuka okha. Munthu amene pabedi amachita kumutsitsa, anatsika yekha, ndodo m'manja, mwendo ukukwekwereza, anandidutsa pakhomo ataphimba nkhope yonse. Lameki anatikuwira kumbuyo kuti K70 ya masaji. Ndinaiponya pansi. Aitole yekha, ndipo anaitoladi.

Pobwerera, maola anayi, sanapemphe kuti njinga iime ngakhale kamodzi. Titafika padambo la pafupi ndi kwathu ndi pamene anayankhula, osati kwa ine, kwa mphepo monga mwa nthawi zonse.

"Mwendo uwu ukhale mmene uliri. Wandionetsa zokwanira."

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi. Sakulola munthu kuukhudza. Idesi watuluka m'chikuta, anapita ndi mafuta, anamubweza. Amai a kutchalitchi anabwera kudzawanyengerera, anawabweza. Dzulo m'mawa analephera kufika pankhokwe, anakhala pansi pakati pa bwalo. Bondo layamba kukana kutambasuka. Zonse zimene Amai Esinati anakonza miyezi itatu zikubwerera m'mbuyo ife tikuona. Ndipo ine akandiona patali akumalowa m'nyumba n'kutseka chitseko, ngati kuti ndinagwiradi. Sindinagwire. Sindinatembenuke n'komwe. Koma mawu aja ananenedwa tonse tili pamodzi, ndipo sangabwezedwe.

Idesi atalira kwambiri, apongozi anamuuza chinthu chimodzi. Akuti akabwera Esinati yekha, kunyumba konkuno, chitseko chotseka, alola. Wina aliyense ayi.

Ndiye inu amene mukuwerenga, ndithandizeni. Amai Esinati ndi aafupi, akuda, ali ndi mpata kumano akutsogolo, amakonda kuimba akamagwira ntchito. Mayi wa tomato akuti kwawo ndi cha ku Zemba koma mudzi sakuudziwa. Amene akuwadziwa andilembere. Ndipo ngati muli ndi wodwala amene Lameki anamuuza kuti ataye mapiritsi a BP, pitani naye kukiliniki lero, osati mawa. Kutikita thupi kumathandiza, ndaona ndi maso anga. Omega ndi mafuta a nsomba, imwani ngati muli nazo ndalama, ngati mulibe gulani kapenta. Koma amene akupatsani zinthuzi muzimuyang'ana kawiri. Ndipo akuluakulu a zaumoyo pa boma, jasi loyera limangogulidwa pasalaula, pa zovala zakale, n'kuyamba kugwira odwala? Munthu ameneyu pepala lake munalionapo?

Dzulo masana ndinapitanso kwa Lameki, ndekha tsopano, nditakwera njinga. Idesi anandilumbiritsa pa mwana kuti sindikamenya munthu. Ndinamupeza akulalikira anthu anayi za omega. Ndinadikira amalize. Ndinamuuza kuti sindinabwerere ndalama, sindinabwerere pepani, ndikungofuna nambala ya Amai Esinati kapena dzina la mudzi wawo.

Anati nambala ali nayo koma sangatsatse malonda a munthu amene anamuthawa. Ndinamuuza kuti mwendo wa apongozi ukuuma. Anati ndiye ndiwabweretsenso, ndipo poti ndine kasitomala wakale anditsitsira botolo pa K150.

Ndinamenya tebulo. Mabotolo anagubuduka mpaka pakhomo, anthu anayi aja anaimirira. Iye anathawira kuseri kwa katani, yomwe ija inamukanika kutseka Lachiwiri. Sindinamutsatire. Ndinaima pakati pa shopu ndipo ndinayankhula mokweza kuti ndi a mumsika omwe amve.

"Khala nayo nambalayo, Lameki. Mawa ndiyamba ku Zemba, mudzi ndi mudzi, khomo ndi khomo, mpaka ndiwapeze. Ndipo khomo lililonse limene ndigogode adzandifunsa kuti ndikuwafuniranji. Ndidzawauza zonse, ndi dzina lako lomwe. Ndiye upemphere kuti ndiwapeze msanga."