Firiji inali yodzaza, koma panjira panali akamwini

Lamlungu lapitali kutchalitchi kwathu ku Bowie, kuno ku Amereka, chinsalu chimene chimaonetsa mawu a nyimbo chinazima tili pakati poimba. Woimba limba anapitiriza, koma ife mawu anatithera. Mukudziwa mmene timachitira zikatero. Aliyense amangong'ung'udza uku akuyang'ana pakamwa pa mnzake.

Kenako kumbuyo kwanga kunamveka mawu a munthu mmodzi, osasa pang'ono koma osagwedera. Anali agogo anga, amene anabereka amayi. Anaimba ndime yotsatira, ina, mpaka yomaliza, m'manja mulibe buku, mpingo wonse ukuwatsata m'mbuyo.

Titatuluka, Anti Tembo, mnzawo wa amayi wochokera ku Lusaka, anawagwira dzanja. "Amai, mwatipulumutsa lelo. Nanga mutu uyu mwaupeza kuti futi?"

"Unali m'firiji, mwanawe," agogo anayankha. "Koma panjira panali akamwini."

Adadi anamva. Anayang'ana nsapato zawo, makutu ali piriwiri.

Inu owerenga mukudabwa, ndiye ndikufotokozereni. Agogo anabwera kuchokera ku Dedza kudzakhala nafe kuno ku Hyattsville. Kumudzi ndiwo ankayambitsa nyimbo pa maliro ndi pa maukwati. Koma chaka chathachi anayamba kusintha. Ankandifunsa funso lomwelo kangapo. Ankadandaula kuti mapazi akuchita dzanzi ngati aponda minga. Tsiku lina anatuluka kukaothera dzuwa, pobwera anasokonezeka ndi zitseko za m'nyumba yathu yosanja, poti zonse n'zofanana, mpaka mayi wina wachilendo anawaperekeza. Kutchalitchi anayambitsa nyimbo n'kuima pakati, mawu atawathawa.

Amayi amagwira ntchito yosamalira odwala, amachoka m'mamawa n'kubwera kutada. Anayamba kuopa. Ndinkawamva pafoni ndi amalume a ku Lilongwe: "Achimwene, ndi ukalamba basi. Mwina angobwerera kumudzi, kumene kuli anthu owayang'anira tsiku lonse." Amalume anavomera. Anati tidikire sukulu itseke, amayi awaperekeze.

Ine ndimagona chipinda chimodzi ndi agogo. Chichewa chimene ndikulemberachi anandiwongolera ndi iwo. Sindinkafuna kuti apite.

Asanagule tikiti, amayi anati apite nawo kaye kuchipatala, poti agogo ali ndi matenda a shuga ndipo akhala akumwa mapiritsi kwa zaka zambiri. Ine ndinapita nawo. Anawatenga magazi, ndipo titabwereranso adokotala anatiuza zinthu ziwiri. Choyamba, muyeso umene umaonetsa mmene shuga wakhala akuyendera kwa miyezi ingapo unali wokwera. Chachiwiri, m'magazi mwawo munali mutachepa kwambiri vitamini B12, amene timapeza mu nsomba, mazira, mkaka ndi nyama. Anati vitamini ameneyu akasowa, mitsempha imavutika, munthu amatha kumva dzanzi ndi kuiwalaiwala. Anatinso okalamba ambiri matupi awo salandira bwino vitamini ameneyu, ndipo mapiritsi ena a shuga amatha kuwonjezera vutoli.

Kenako anafunsa kuti agogo amadya chiyani masana.

Amayi anakhumudwa ndi funsolo. Anati firiji yathu siikhala yopanda kanthu, mazira, nsomba, mkaka, masamba, zonse zilimo. Ndinawamasulira agogo. Iwo anapinda manja n'kunena kuti, "Muwauze kuti ndimadya bwino. Ana anga amandisunga."

Amayi sananame. Agogonso, m'maganizo mwawo, sananame. Nanga njala inalowera pati?

Yankho linabwera ndi chipale chofewa. Tsiku lina chinagwa chambiri, sukulu inatsekedwa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinakhala panyumba masana a tsiku la ntchito. Adadi amagwirira ntchito kunyumba. Nyumba yathu ndi yaing'ono, ndiye kompyuta yawo amaiika pathebulo la kukhitchini, mpando wawo n'kutsamira pafupi ndi chitseko cha firiji. Amakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Dzuwa linafika pamutu, agogo osatuluka m'chipinda. Ndinawaona akutsegula kabati ya zovala, n'kutulutsa fulasiki ya tiyi wa shuga amene amayi amawasiyira m'mawa, buledi, ndi chitini cha mabisiketi.

"Agogo, bwanji osakawiritsa mazira? M'firiji muli matemba aja munatumiziridwa."

Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Ndikadutse pamaso pa akamwini, ndiwauze kuti sunthani ndikufuna kudya? Ndiyeno ndiziti chamchamcham iwo akumva? Iwe Tadala, unaleredwa ndi ndani?"

"Ndi inu, agogo."

"Ndiye ndinalephera."

Kwathu ku Dedza mpongozi ndi mkamwini amapewana. Sadyera pamodzi, sayang'anana m'maso, akakumana panjira wina amapatuka. Ndi ulemu. Koma kumudzi kuli bwalo, kuli khitchini yapanja, kuli njira ya kuseri kwa nkhokwe. M'nyumba ya zipinda ziwiri ku Hyattsville mungapatukire kuti? Agogo ankapatukira m'chipinda, tsiku lililonse, ndi tiyi ndi mabisiketi. Pofika madzulo mimba inali itadzaza zotsekemera, chakudya chenicheni n'kungochilawa.

Madzulo ake ndinawauza adadi. Iwo anakulira m'tauni ku Blantyre, za kupewana amangozimva. Nditamaliza anati, "Ine ndimayesa kuti sandifuna. Ndikatsokomola amatseka chitseko."

Tangoganizani. Anthu awiri okondana, wina akufa ndi njala chifukwa cha ulemu, wina akudwala mtima poganiza kuti amadedwa, pakati pawo pali khoma lopyapyala loti ukayetsemula mnzako amamva.

Amayi anaimbira azakhali awo kumudzi, ndipo iwo anati zoterezi zili ndi njira yake: mkamwini amapereka kamphatso, apongozi akalandira ndiye kuti atha kumalankhulana. Loweruka adadi anapita kusitolo ya zakudya za ku Africa n'kubwera ndi nkhuku yolimba ngati ya kumudzi ija, ndi chitenje. Anagwada pakhomo la chipinda chathu, bambo wamkulu wa magalasi, akuomba m'manja.

"Odi, amayi. Ndabwera kudzapempha. Firiji ija ndi yanu. Ine ndangokhala mlonda wake mosadziwa."

Agogo anatembenukira kukhoma n'kulankhula ndi ine. "Tadala, uwauze akamwini kuti mlonda wa firijiyo ndi waukali."

"Uwauze kuti mlondayo wachotsedwa ntchito," adadi anatero. "Kuyambira Lolemba akagwirira kuchipinda."

Mapewa a agogo anayamba kugwedezeka. Ankaseka. Analandira chitenje chija ndi manja awiri.

Sindikunamizani kuti nkhuku imodzi inachiritsa munthu. Agogo analandira jakisoni wa vitamini uja kangapo, ndipo adokotala akupitiriza kuwaona. Mabisiketi tinawachotsa m'kabati, shuga wa m'tiyi anachepa, ngakhale amadandaula kuti tikuwamwetsa madzi ochapira makapu. Masana amadziphikira okha dzira kapena nsomba ndi masamba, ndipo nthawi zina amasiyira adadi mbale pakhomo, n'kugogoda, n'kuthawa. Kudya pathebulo limodzi akuti ayi, zimenezo ndi za ku Amereka. Kusintha kunabwera pang'onopang'ono. Atayezanso magazi, vitamini anali atakwera, shuga atatsika. Dzanzi silinatheretu. Magalasi awo amawasakabe ali pamphuno. Adokotala anatichenjezanso kuti si kuiwala konse kumene kumabwerera chonchi, kwina ndi matenda ena a ubongo amene chakudya sichingathetse.

Koma tikanadziwa bwanji popanda kuyeza?

Apa ndi pamene ndikufuna tilankhulane, ife a kuno. M'nyumba zambiri za ku Manassas, ku Bowie ndi kuno kwathu muli agogo amene tinawaitana kudzathandiza kulera ana. M'mawa tonse timathamangira basi ndi sitima. Timati tawasiyira chakudya chifukwa firiji ndi yodzaza. Kodi tinaonapo ndi maso athu chikulowa m'kamwa? Ena amaopa chitofu cha magetsi. Ena mano anatha ndipo nyama imawavuta, koma sanganene. Ena amadziona ngati alendo, ndipo mlendo satsegula miphika ya eni ake. Ukawafunsa onse amayankha mofanana: "Ndadya, mwanangu." Akayamba kuiwala timafulumira kunena kuti ndi ukalamba, ena mpaka kunong'ona zoti awalodza kumudzi. Kupita nawo kukayezetsa magazi timakuika kumapeto, pamene kunayenera kukhala koyambirira.

Mwambo wa agogo sindikuunyoza. Iwo anasunga ulemu mmene anaphunzitsidwira, adadinso anaulemekeza pogwada pakhomo paja. Chimene chinasowa ndi munthu wachitatu woti akhale panyumba masana amodzi n'kuona.

Za tikiti ija palibenso akuzitchula. Amalume ataimba foni Lamlungu madzulo, agogo anawakumbutsa mayina a ana awo onse, n'kuwakalipira chifukwa chosakonza denga la kumudzi. Amalume anangoti, "Mlongo, amayi achira, asiyeni konko."

Lamlungu likubwerali awapempha kuti ayambitse nyimbo, chinsalu chiyake kapena chisayake. Adzavala chitenje cha akamwini.

Nanga agogo a kwanu adya chiyani lero masana? Musandiuze zimene zili m'firiji. Mwawaona akudya?