Bulogu ya kalasi ya Madamu Namakhwa

Madamu Namakhwa, lero ndadutsa pa chulu chija cha kuseri kwa sukulu, pamene netiweki inkagwira, ndapezapo mbuzi zokhazokha. Mpamene munkatisonkhanitsa ife a Fomu 3, foni yanu ikuyenda m'manja, aliyense akulemba nkhani yake pa bulogu ya phunziro la Chichewa. Palibe nkhani inkatuluka musanaivomereze inu. Ine ndinalemba za kapitawo amene anatukwana amayi anga m'munda wa tiyi, dengu lili kumsana, ndipo ndinatchula dzina lake ndi chimimba chake chomwe. Munaseka mpaka misozi, kenako munati, "Esinati, pakamwa pakopa mpa lumo. Koma ikatuluka iyi, mawa amayi ako akatchola tiyi kuti? Chotsa dzinalo, utionetse amayi akowo." Ndinakuyankhani kuti ndinu amantha, ndipo teremu yonse sindinakupatseni moni.

Mpaka pano ndimati kapitawo uja ankayenera kuyaluka. Komabe ndinailembanso, ya zala za amayi zong'aluka ndi mame a m'mamawa, n'kuitumiza muli kuchipatala, ine osadziwa. Anzanga aja anabalalika, ena ku Joni, ena m'mabanja, ndipo bulogu ija ndimaitsegula ndekha. Pansi pa nkhani yanga pakadali mawu akuti ikudikira chilolezo, pomwe wopereka chilolezoyo munali inu nokha. Amayi akandifunsa ngati anthu anaiwerenga, ndimangoti eya. Za kapitawo zija ndinakukhululukirani, Madamu. Koma zotisiya musanaiwerenge nkhaniyo, ayi ndithu, sindinakhululuke.