Imelda Sankathira Mchere

M'mudzi wina ku Kapondo munali mayi amene ankaphika ndiwo yekha, kusinja nsinjiro, kudula matimati, kuvundula, koma ikafika nthawi ya mchere ankaima pakhomo n'kumadikira munthu wodutsa. Dzina lake linali Imelda, kapena Nambewe pomupatsa ulemu. Anthu anazolowera. Ngakhale ogula mtedza oyenda ndi sikelo ankadziwa kuti akaima panyumba ija apemphedwa kuthira mchere mumphika wa eni ake.

Sanayambe choncho. Anakwatiwa chaka cha referendamu ndi Laston, mnyamata wa njinga yolimba amene ankaolotsa shuga kupita ku Chipata podzera njira za m'tchire, n'kubwerako ndi zitenje. Laston anamutenga chitengwa, kukakhala naye pamudzi pa amayi ake, a Anastazia. Anali mwamuna wanthabwala, wosamenya mkazi. Masiku ena ankagona paboda chifukwa cha geni, ndipo za kumene ankagonako palibe ankafunsa, poti tiyi pakhomopo sankasowa shuga.

Mwana woyamba, Lonjezo, anabadwa wonenepa bwino. Patapita miyezi anayamba kutsokomola, m'kamwa munatuluka zilonda zoyera, m'mimba osaleka kutsegula, kenako mapazi anatupa. Anamwalira asanayambe kukwawa. Azimayi akuluakulu sanavutike kupeza dzina la nthendayo. Anati ndi tsempho, imene imagwira mwana kholo likayenda njira zosayenera, kapena mayi akathira mchere m'ndiwo masiku amene mwambo umamuletsa. Mlanduwo ukanatha kugwera Laston, koma ndani akanaloza chala mwana wa eni mudzi? Unagwera mlendo.

"Inu Nambewe, mchere mumathira nokha masiku onse?" anafunsa apongozi ake maliro atatha.

"Eya, amayi."

"Ndiye mukudabwanso chiyani?"

Kuyambira tsiku limenelo Imelda sanakhudzenso mchere, kaya tsiku loletsedwa kaya lololedwa. Wachiwiri, Mayamiko, anabadwa mu 1999, ndipo mayi ake anasunga mwambo uliwonse umene anauzidwa, mpaka ina yongopeka anthu pamtondo. Mayamiko anafika poima chogwirira khoma, kenako chifuwa chija chinabwera, zilonda zija, mapazi aja. Akuluakulu anati payenera kuti panali tsiku limene anaiwala. Imelda anafufuza m'mutu mwake mpaka analipeza tsikulo, ngakhale sankadziwa ngati linalikodi. Pa maliro amenewo sanalire. Anthu anamunena kuti ndi wouma mtima, koma misozi inali itangophwa ngati chitsime cha mu Okutobala.

Za Edzi ankazimva ndithu. Wailesi inkanena m'mawa ndi madzulo, kutchalitchi ankapempherera odwala, adzukulu okumba manda sankapuma. Koma iye ankati imeneyo ndi nthenda ya madalaivala a mathiraki ndi atsikana a m'maresitihausi a paboda. Ingamupeze bwanji mayi wolima mtedza, wodziwa mwamuna mmodzi? Ngakhale Laston atatuluka mashingozi, n'kuyamba kukankha njinga imene kale ankakwera nayo zitunda, Imelda sanalumikize zinthu ziwirizi. Laston anamwalira dzinja la 2004, kusiya mkazi wake ali ndi pakati pachitatu.

Kusikelo ya amayi oyembekezera anali atayamba kuyeza magazi. Namwino wina wamtali, woyankhula mosathamanga, anamulowetsa m'kachipinda n'kumuuza kuti m'magazi mwake mwapezeka kachilombo ka HIV. Anafotokoza kuti kachilomboka kamatha kupita kwa mwana ali m'mimba, pobadwa kapena poyamwa, kuti si ana onse amene amakatenga, ndiponso kuti tsopano kuli mankhwala ochepetsa ngoziyo.

"Nanga mchere?" anafunsa Imelda.

"Mchere wa chiyani, mayi?"

Imelda anafotokoza zonse, za Lonjezo, za Mayamiko, za zilonda ndi mapazi. Namwinoyo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ana anuwo sitinawayeze, ndiye sindingalumbire," anatero. "Koma mchere supha mwana, mayi. Inu simunawaphe."

Wina akanatuluka mmenemo n'kupita kukaswa miphika pakhomo pa apongozi, ndipo ambiri tikanamumvetsa. Imelda anadikira kuti mkwiyo ubwere, kapena chimwemwe, kapena china chilichonse. Sikunabwere kanthu. Anamanga piritsi limene anapatsidwa pansonga ya chitenje, kuti adzamwe matenda a uchembere akadzayamba, n'kuyenda ulendo wake. Madzulo ake anaphika nkhwani, ndipo anaimanso pakhomo kudikira wodutsa. Dzanja linali litazolowera.

Piritsilo anamwa pa nthawi yake. Anachilira kuchipatala, mwanayo anamudonthezera mankhwala ake m'kamwa, ndipo anamutcha Yohane. Malangizo a masiku amenewo anali oti ayamwitse bere lokhalokha miyezi isanu ndi umodzi, kenako aleke kamodzinkamodzi. Apa mpamene mudzi unapezanso chokamba. Mayi amaletsa mwana wamng'ono chonchi kuyamwa ngati ali ndi pakati pena, nanga pakatipo mpa ndani mwamuna ali kumanda? A Anastazia anabwera okha kudzafunsa.

"Awiri aja sanakukwanireni, Nambewe?"

"Anena achipatala, amayi."

"Achipatala ndiwo adzakumbe manda?"

Imelda anapaka tsabola kubere, mwana analira mpaka mawu anasasa, iye ali phee kusenda mtedza pamkeka. Sikuti ankakhulupirira kuti Yohane akhala moyo. Ankangochita zimene wauzidwa, monga anachitira kale ndi za mchere. Ankamusambitsa, kumuphikira phala lansinjiro, kupita naye kusikelo osaphonya, koma ankamusamala ngati mbuzi yosungitsa imene mwini wake adzaitenga tsiku lililonse. Sankamuimbira nyimbo. Mwana akamusekerera, iye ankayang'ana kumbali. M'mawa uliwonse ankayamba wamutsina mapazi kuti aone ngati ayamba kutupa, ndipo malo ake kumanda, pafupi ndi abale ake, anali atawaona kale.

Yohane anakwawa, anaima, anayenda, anayamba kuthamangitsa nkhuku za agogo ake. Atakwana chaka ndi theka, namwino uja anati nthawi yakwana yoti ayezedwe, chifukwa pa msinkhu umenewo magazi a mwana amanena za iye mwini, osati za mayi ake. Anamubaya chala, mwana anakuwa, ndipo Imelda anadikira pabenchi panja mpaka anaitanidwa.

"Alibe," anatero namwinoyo, akumwetulira mpaka m'makutu. "Mwamva, mayi? Yohane alibe kachilombo."

Imelda anangoti, "Zikomo," n'kuyamba kukonza chitenje choberekera. Wosangalala m'chipindamo anali namwino yekha.

"Nanga inuyo? Taonani mmene mwaonderamu, ndi chifuwa chimenecho. Kuboma akupereka ma ARV ulere, ndakhala ndikukuuzani, inu mumangoti mudzapita."

Zinali zoona. Imelda sankaona chifukwa chovutikira ulendo wa kuboma. M'maganizo mwake zinthu zinali ndi ndondomeko yake: aike Yohane m'manda, kenako atsatire yekha, nkhani ithe. Tsopano mwanayo anali pansi, akukoka chingwe cha nsapato ya namwino, mapazi ake ali ang'onoang'ono, afumbi, osatupa. Imelda anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri anachita mantha.

"Ndiye kuti ameneyu akula?"

"Akula, mayi."

"Akula ndi ndani?"

Imelda anamunyamula mwanayo, anamuponya kumsana, anamanga chitenje molimba kuposa masiku onse. Atafika pachitseko anatembenuka.

"Kubomako amalemba mayina tsiku lanji?"